Kalata ija sinasowe, ndinaitaya ndekha

Lero ndiulula manyazi anga, mwina wina apulumukirapo.

Teremu yatha ndinamva anzanga akukambirana za msonkhano wokonza mayeso oyeserera a Fomu 4. Akuti amayi amene amatsogolera dipatimenti yathu anatumiza imelo yoitana aliyense. Ndinatsegula Outlook pa laputopu yanga, mu Inbox munalibe kanthu. Ndinayang'ana pa kalendala ya pa foni, panalibenso. Mtima unandiwawa. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa, lero andidumpha? Sindinafunse munthu. Lachinayi anzanga anakumana, ine ndili kunyumba, ndipo mafunso a phunziro langa sanafike.

M'mawa mwake ndinawapeza amayi aja. "Madamu, ine simunandiitane." Iwo sanakangane nane. Anangotembenuza kompyuta yawo n'kundionetsa yankho langa lomwe: Accepted. Ndinakumbukira kuti tsiku lina belu likulira ndinadina kanthu kena mothamanga, osawerenga n'komwe.

Madzulo ndinakhala pansi kufufuza, ndipo nazi zimene ndinapeza. Kalata yoitanira ku msonkhano si imelo wamba. Mkati mwake mumakhala tsiku, nthawi ndi malo, zolembedwa m'njira yotchedwa iCalendar, imene inakhazikitsidwa mu 1998. Ndi ija nthawi zina imaoneka ngati kafayilo kothera ndi .ics. Mu Outlook yakale ija ya pa kompyuta, mukadina Accept pamachitika zinthu zitatu. Msonkhano umalowa mu Calendar, yankho lanu limasungidwa mu Sent Items, ndipo kalata yeniyeniyo imachoka mu Inbox kupita ku Deleted Items. Yanga ndinaipeza kumeneko, ili phee. Ngati simukufuna izi, pitani pa File, kenako Options, kenako Mail, muchotse chizindikiro pa mzere woyamba ndi mawu akuti Delete meeting requests.

Nanga bwanji pa foni panalibe? Akaunti yanga ndi ya IMAP, ndipo IMAP imanyamula makalata okha, osati kalendala. Kuyambira mu Outlook 2013, kalendala ya akaunti yotere imalembedwa kuti This computer only, ndipo imakhala m'fayilo ya .ost pa kompyuta yomweyo basi. Chenjerani pamenepa: mukachotsa akauntiyo musanakopere kalendala kwina, misonkhano yonse ikhoza kupita nayo. Amene muli ndi akaunti ya POP, zanu zili m'fayilo ya .pst. Koma ngati sukulu yanu ili pa Exchange, kalendala imasungidwa pa seva, ndipo foni imatha kuiona.

Choncho kalata ikasowa, yambani ndi Calendar, kenako Deleted Items, kenako Sent Items. Musanaloze munthu chala, onani malo atatuwa.

Ndinapita kukapepesa, ndipo mafunso ndinawalemba usiku womwewo. Amayi aja anangoti, "Aphunzitsi, mukanandifunsa tikanathana pa mphindi imodzi." Ine amene ndimauza ana tsiku ndi tsiku kuti awerenge funso kawiri asanayankhe! Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Ana anga akale, sekani ndithu, ndakulolani. Zabwino zonse.