Za Zilembo Zopendekeka

Ife olemba zikwangwani kuno ku Kasina, amene ntchito ya manja athu imaoneka pa zipupa za zigayo, pa magolosale a m'njira ya ku Linthipe ndi pa mitanda ya kumanda, tili nawo mtundu wina wa zilembo umene sitiutulutsa wamba, ndiwo zilembo zopendekeka, zopanda timapazi tija timakhala kunsonga kwa zilembo za m'mabuku a mapemphero.

Fuko la zilembo zopanda timapazi zimene ndimatsata ine linamera kwa Edward Johnston, amene mu 1916 anakonzera zilembo sitima za pansi pa nthaka za ku London. Ndipo wophunzira wake Eric Gill, yemwe mu 1926 analemba chikwangwani cha sitolo ya mabuku ku Bristol monga timachitira ife, ndiye mwini zilembo za Gill Sans, zimene kampani ya Monotype inatulutsa mu 1928. Koma kupendekeka kumene n'kwa makedzana, pakuti Aldus Manutius anasindikiza buku ndi zilembo zotere ku Venice mu 1501, potsanzira dzanja la alembi.

Apa ndi pamene ndimasiyana nawo anyamata a pakompyuta, amene amangokankha chilembo choongoka kuti chitsamire, chonga nkhokwe yodyedwa ndi chiswe, nayesa kuti atha ntchito. Chilembo chopendekeka chenicheni chimabadwa chotero kuchokera m'dzanja: a amavula denga lake nasanduka wozungulira monga timamulembera m'kalata, ndipo zilembo zonse zimapanikizana pang'ono kuti liwu liyende ngati lolankhulidwa. Ndikamenya mizere iŵiri ndi chingwe cha choko, ndimajambulanso timizere topendekeka m'litali monse mwa thabwa, kuti l ndi k asatsamire yense kwake. Pamenepo ndipo ndimaviika bulashi, utoto nditausungunula kufikira uleke kukoka ulusi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinenero chathu n'chodzala ndi a, kotero kuti polemba "mbatata" ndiyenera kutsitsa mwendo wa a aliyense mwa atatuwo ndi kuupinda bwino, kuwopa kuti munthu wa panjinga angaŵerenge o. Ndiponso kachipewa ka ŵ kayenera kupendekeka pamodzi ndi mwini wake.

Dzina la sitolo sindililemba ndi zilembo zopendekeka, chifukwa dzina liyenera kuima chilili. Malo a zilembozi ndiwo mzere wachiŵiri, pamene mwini malonda anong'oneza kuti ngongole ayi, kapena pamtanda, pansi pa dzina ndi zaka za malemu, pamene abale apempha kuti mzimu wake uuse mumtendere. Koma chikwangwani cholozera kuchipatala ndimakana kuchipendeketsa ngakhale andiwonjezere malipiro, pakuti nkhungu ya mwezi wa June ikatsika m'mapiri a Dedza, wonyamula wodwala amafuna zilembo zazikulu, zoongoka, zakuda pa thabwa loyera.