Kamphira kamene kanaimitsa mjigo wathu

Papita nthawi ndisanalembe, mukudziwa kale mmene mayeso amatipanikizira. Lero ndabwera ndi nkhani ya kanthu kakang'ono kotha kulowa m'thumba la malaya, koma kanatisowetsa mtendere kwa masabata awiri.

Mwezi wathawu mjigo wa m'mudzi mwathu kuno ku Songani unayamba kuvuta. Munthu amapopa mpaka thukuta kamukamu, madzi akungodontha. Kenaka unasiyiratu. Amayi anayamba kulawirira kumtsinje, ndipo atsikana awiri a Fomu 3 amene amakhala pafupi nafe ankafika m'kalasi phunziro loyamba litatha. Ine mantha anga anali pa kolera, chifukwa zimene tinaona mu 2022 ndi 2023 sitinaiwale.

Makaniki wa m'dera lino atabwera anasolola zitsulo zonse za m'mjigomo, kenaka anandiitana. "Aphunzitsi, matenda ake ndi awa." M'dzanja mwake munali kamphira kakuda kozungulira, kothetheka m'mbali. Amakatchula kuti U-seal. Ntchito yake ndi kutseka mpata pakati pa pisitoni ndi silinda, kuti pisitoni ikamakwera ikweze madzi. Kakatha, madzi amangobwerera pansi, inu mukupopa mphepo. M'sitolo za pa Songani kanalibe. Anakakapeza ku Zomba, ndipo a komiti ya pa mjigo anadandaula ndi mtengo wake, poti chichitikireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti mjigo umenewu, wotchedwa Afridev, mbiri yake inayambira kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kunayesedwa mjigo wotchedwa Maldev, ndipo ntchito yowongolera inapitirira ku Kenya mpaka kunatuluka Afridev. Cholinga chinali chakuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi. Koma mijigo yambiri yotere pamodzi ndi zipangizo zake imapangidwa ku India. Nzeru inayambira kuno, kamphira timakadikira kuti kaoloke nyanja.

Ndiye ndinayamba kuyang'ana mozungulira. Minibasi ija mumaiona itaima m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde ikufuka nthunzi, kawirikawiri kondakitala amati gasiketi yapsa. Injini ya chigayo ikamatayikira oyilo, vuto ndi lomwelo. Alimi a m'madimba kufupi ndi nyanja ya Chilwa, pampu yawo ikayamba kukoka mpweya m'malo mwa madzi, nkhani ndi yomweyo. Amakaniki athu ndi anthu aluso. Ndaonapo wina akudula gasiketi pa katoni pogogoda ndi kahamala m'mbali mwa chitsulo, wina akumanga paipi ndi mphira ya chubu cha njinga. Zimathandiza kwa masiku angapo, koma katoni siipirira kutentha, ndipo mphira wamba ikakumana ndi oyilo imafufuma n'kufewa.

Amene munaphunzira Physical Science ndi ine mukukumbukira nkhani ya Challenger. Pa 28 January 1986 chombo chopita mumlengalenga cha ku America chinasweka patangotha masekondi 73 chinyamukire, ndipo anthu 7 anafa, kuphatikizapo mphunzitsi mnzathu, Christa McAuliffe. Chinachititsa chinali mphira yozungulira, O-ring, imene inauma ndi kuzizira kwa m'mawa umenewo n'kulephera kutseka mpata. Katswiri wina, Richard Feynman, anaonetsa zimenezi pamaso pa anthu poviika kachidutswa ka mphirayo m'madzi oundana. Ngati kamphira kanagwetsa chombo cha ndalama zankhaninkhani, mjigo wa pa Songani n'chiyani?

Funso langa ndi ili: kodi ife sitingapange tokha tinthu timeneti? Wina anena kuti ku Nkhata Bay tili ndi mitengo ya mphira ku Vizara. Zoona, koma ndinene chilungamo. Mphira yambiri ya m'mainjini ndi m'mapampu si ya mumtengo. Ina, monga nitrile, imapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo imeneyo tidzaitanitsabe kunja. Komabe kuumba kamphirako n'kotheka kuno. Pamafunika chikombole chachitsulo chosemedwa mosaphonya muyezo, makina otenthetsa ndi kupanikiza, komanso munthu wodziwa kuyeza. Zovuta zilipo: magetsi amathimathima, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo msika wathu ndi waung'ono poyerekeza ndi mafakitale a ku India amene amapanga zochuluka motchipa. Ndipo kamphira kopangidwa mwachinyengo n'koipa kuposa kusowa kwake, chifukwa mudzi umataya ndalama kawiri. Apa a Malawi Bureau of Standards angakhale ndi ntchito yaikulu.

Koma taganizani kuchuluka kwa mijigo m'dziko muno, ndipo uliwonse umafunika kamphira katsopano pafupifupi chaka ndi chaka. Onjezani wa ku Chipata, wa ku Tete ndi wa ku Lichinga. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, amakamba zotukula mafakitale. Ife tikamva mawu amenewo timaganiza za zinyumba zazikulu zofuka utsi. Mwina poyambira penipeni ndi pa tinthu tating'ono timene timatha tsiku ndi tsiku.

Choncho inu ana anga amene muli ku MUBAS, ku MUST kapena m'makoleji a ntchito zamanja, posankha pulojekiti ya chaka chomaliza muganizireko kamphira aka. Nanu aphunzitsi anzanga, mukamaphunzitsa za pressure tengani kalasi mupite nayo pa mjigo tsiku lokonza. Ine ndinapempha kamphira kothaka ndipo ndinakayendetsa m'manja mwa ana a Fomu 3. Mtsikana mmodzi mwa ochedwa aja anakayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kameneka ndi kamene kanatidzutsa 4 koloko?"

Mjigo uja ukutuluka madzi tsopano. Ndinawapempha a komiti kuti pa ndalama za mwezi uno agule timphira tiwiri tosungira, ndipo avomera.