Anthu Amene Anasanduka Mawu

Mwana akabadwa, makolo ake amamsankhira dzina pakati pa mawu amene alipo kale. Wina amatchedwa Chimwemwe, wina Mavuto, winanso Kondwani, ndipo aliyense womva dzinalo amadziŵa tanthauzo lake. Koma m'Chingerezi muli mawu ena amene anayenda njira ina. Poyamba anali maina a anthu enieni. Eni akewo anamwalira kalekale, koma maina awo anatsalira pakamwa pa anthu, ndipo lero amalembedwa ndi chilembo chaching'ono monga mawu wamba.

Mawu amodzi otere ndi "sandwich", amene m'Chicheŵa anasanduka sangweji. Ichi ndi chakudya cha zidutswa ziŵiri za buledi zokhala ndi nyama kapena dzira pakati pake. Mwana amene waphunzira kuti "sand" ndi mchenga angathe kudabwa kuti mchenga ukufunanji m'chakudya, ndipo kudabwa kwakeko nkoyenera ndithu. Sandwich ndi tauni ina ya kufupi ndi nyanja ku England, m'chigawo cha Kent, ndipo dzinali linkatanthauza malo a malonda a pamchenga. Mkulu wina wolemekezeka, John Montagu, amene anabadwa mu 1718 namwalira mu 1792, ankadziŵika ndi dzina laulemu lakuti Earl of Sandwich. Anthu amasimba kuti mkuluyu sankafuna kunyamuka patebulo nthaŵi ya chakudya ikakwana, motero ankauza antchito ake kuti amuikire nyama pakati pa buledi kuti azidya ndi dzanja limodzi. Ena amati chimene chinkammata pampando chinali juga. Ena amati inali ntchito ya boma, poti iye ndiye ankayang'anira zombo zankhondo za dziko lake. Pofika mu 1762 mawuŵa anali atayamba kale kulembedwa, mwini dzina akali moyo.

Maina ena anapita ku zovala. Juzi yomanga ndi mabatani kutsogolo imatchedwa "cardigan" chifukwa cha Earl of Cardigan, mtsogoleri wa asilikali a Britain pa nkhondo ya ku Crimea mu 1854. Jasi losaloŵa madzi a mvula ndi "mackintosh", kuchokera kwa Charles Macintosh wa ku Scotland, amene mu 1823 anapeza njira yomatira nsalu ziŵiri ndi labala pakati pake.

Dzina lina limamveka tsiku ndi tsiku ku chigayo ndiponso pa malo omwetsera mafuta a galimoto. Dizilo anali munthu. Rudolf Diesel anali Mjeremani wobadwira ku Paris mu 1858, ndipo anatha zaka zambiri akuyesa kupanga injini yosawononga mafuta. Injiniyo inagwira ntchito bwino mu 1897 mu mzinda wa Augsburg. M'kati mwake mpweya umapanikizidwa kolimba mpaka utatentha kwambiri, kenaka mafuta amapoperedwa mu mpweya wotenthawo nayaka okha. Mphamvu ya kuyakako ndi imene imayendetsa malole, mathirakitala ndi zigayo. Mayi amene akudandaula kuti chigayo chaima chifukwa dizilo watha akutchula dzina la munthu amene anasoŵa m'chombo pa ulendo wa panyanja wopita ku England mu 1913.

Anthu onseŵa maina awo amakumbukika chifukwa cha chinthu chodyedwa, chovalidwa kapena chogwiritsa ntchito. Koma pali munthu mmodzi amene dzina lake linasanduka mawu monga chilango. Iye ndi Charles Boycott.

Boycott anabadwira ku England mu 1832. Atagwirako ntchito ya usilikali anakakhazikika ku Ireland, chilumba cha kumadzulo kwa Britain. Masiku amenewo malo ambiri a ku Ireland anali m'manja mwa anthu olemera oŵerengeka, ndipo alimi wamba ankalima minda yobwereka nkumalipira lendi chaka ndi chaka. Wolephera kulipira ankathamangitsidwa pamodzi ndi banja lake. Boycott anali kapitawo wa mwini malo wina wotchedwa Lord Erne, m'boma la Mayo, pafupi ndi nyanja ya Lough Mask. Ntchito yake inali kutolera lendi ndi kuchotsa amene sanalipire.

Mu 1879 mbewu sizinachite bwino ndipo njala inafika pakhomo. Chaka chotsatira Lord Erne anavomera kuchotsera alimi mapaundi 10 pa mapaundi 100 alionse a lendi. Alimi anapempha kuti achotseredwe 25, koma anakanizidwa, ndipo Boycott anakonza zothamangitsa mabanja 11. Nthaŵi yomweyo, mu September 1880, mtsogoleri wa bungwe la alimi la Land League, Charles Stewart Parnell, analankhula pa msonkhano mu tauni ya Ennis. Iye analangiza anthu kuti asamenye kapena kupha munthu wolanda munda wa mnzake wothamangitsidwa, koma angomsala: asamlankhule pamsewu, asagulane naye kumsika, ngakhale kutchalitchi amtalikire.

Anthu a ku Mayo anatenga langizo limeneli nalilozetsa kwa kapitawo uja. Antchito a m'munda mwake anasiya makasu nachoka. Oŵeta ziŵeto ndi ophika nawonso anapita. Eni masitolo a m'tauni yapafupi ya Ballinrobe anakana kumgulitsa kanthu, wosula zitsulo anakana kukonza nsapato za akavalo ake, ndipo mayi womchapira zovala analeka kubwera. Ena mwa anthuŵa anachoka mwa kufuna kwawo, koma ena anachoka chifukwa choopsezedwa ndi anzawo, ndipo ichi nchinthu chosayenera kuchibisa posimba nkhaniyi. Munthu amene dzulo lake mudzi wonse unkamuopa anayamba kudzisamalira yekha ng'ombe ndi nkhosa zake, kwinaku mbatatesi zake zikudikira wokumba.

Boycott analembera kalata nyuzipepala ya The Times ya ku London kudandaula za mavuto ake, ndipo nkhaniyo inawanda. Mu November amuna 50 ochokera kumpoto kwa Ireland anadzipereka kudzamkololera mbewu. Boma linatumiza asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000 kuti aŵateteze, ngakhale kuti panalibe amene anaponya mwala. Akuti ndalama zimene zinawonongeka zinafika mapaundi 10,000, pamene mbewu zokololedwazo mtengo wake unali mapaundi 500 okha. Mwana aliyense wodziŵa masamu angaone yekha amene anapambana. Kukolola kutangotha, Boycott ndi banja lake anachoka m'dera lija atazunguliridwa ndi asilikali, nabwerera ku England. Mu 1881 nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo lopatsa alimi a ku Ireland mwayi wopita kubwalo kukapempha lendi yoyenera.

Nanga dzina lake linasanduka bwanji mneni? Mtolankhani wina wochokera ku America, James Redpath, analemba kuti tsiku lina ankacheza ndi wansembe wa m'deralo, Bambo John O'Malley, ndipo ankafunafuna mawu ofotokozera zimene anthu ankachitazi. Mawu a Chingerezi amene analipo, "ostracise", anali ovuta kwa alimi osapita kusukulu. Wansembeyo ndiye anaganiza zongogwiritsa ntchito dzina la kapitawoyo, popeza panalibe mlimi amene sankalidziŵa. Posapita masabata ambiri nyuzipepala zinayamba kulemba "to boycott", kutanthauza kugwirizana kwa anthu ambiri kukana kugula, kugulitsa kapena kuchita chilichonse ndi munthu, sitolo kapena dziko limene akuliona kuti likuchita zosalungama. Chicheŵa sichinavutike kubwereka mawu ameneŵa, pakuti chinali nawo kale ake, kunyanyala ndi kusala. Koma Chifalansa, Chijeremani, Chirasha ndi zinenero zina zambiri zinangolitenga dzinalo, chilichonse nkulitchula mwa katchulidwe kake.

Mu 1888 mawuŵa analoŵa m'dikishonale yaikulu ya Chingerezi imene lero imatchedwa Oxford English Dictionary. Nthaŵi imeneyo Boycott anali akugwiranso ntchito ya ukapitawo pa malo a munthu wina wolemera m'chigawo cha Suffolk ku England. Anakhala ndi moyo zaka zina 9 dzina lake lili m'bukumo, mpaka pamene anamwalira mu 1897.