Dzino likazulidwa, pamalopo tiikepo chiyani?

Kwathu kuno kwa Kamwendo nkhani ya dzino imathera pa kuzula. Likayamba kuwawa munthu amachukucha madzi amchere, kenako panado wa pagolosale. Tsaya likatupa ndiye amakwera minibasi kupita kuchipatala, n'kubwerako ataluma thonje. Anansi amati "pepani, mwachira," basi nkhani yatha. Zoti pamalo potsalapo pangathe kuikidwa china sitimazikamba. Timangoti uje ali ndi magweru, ngati kuti anabadwa nawo.

Ine ndimaphunzitsa Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo chaka ndi chaka ndimajambula pabolodi mano 32 a munthu wamkulu. Anga atsala 30. La chibwano, lakumapeto kwenikweni, linazulidwa ndili ku koleji. Lakutsogolo, la m'mwamba, linathyokera m'muzu tsiku lomwe njinga yamoto ya kabaza inaterera nafe pamatope. La chibwanolo sindinalidandaule. Koma lakutsogolo linandikhudza pa ntchito. Yesani kutchula f kapena v muone: mlomo wam'munsi umagunda mano a m'mwamba. Mawu ngati photosynthesis ankatuluka ndi likhweru, ana a Fomu 2 n'kumabisa nkhope m'makope. Teremu isanathe ndinamva kuti andipatsa dzina loti Windo. Ndinayamba kuphunzitsa nditayang'ana bolodi, ndipo mphunzitsi wotero ana akumbuyo samumva.

Kumene anandichotsa chitsa cha dzinolo anandiuza kuti zoikirira sapanga. Choncho patchuthi ndinatsika ndi msewu wa M12 kupita ku Lilongwe. Dokotala yemwe ndinamupeza anali wodekha, anatenga pepala n'kundijambulira njira zitatu.

Yoyamba ndi mano oikirira aja ovula ndi kuvala. Amakudinda m'kamwa ndi phala linalake lomwe limauma, kenako amapanga dzino lomatidwa pa kapulasitiki kofiirira ngati nkhama, nthawi zina kokhala ndi timawaya tokolera ku mano ena. Yachiwiri amaitcha bridge, ndiye kuti mlatho. Amapala mano awiri oyandikana ndi mpatawo, n'kuwaveka zipewa zomwe zanyamula dzino latsopano pakati. Limeneli silivulidwa, limakhala ngati lako. Chinandiwawa n'choti mano awiri abwinobwino ayambe apalidwa, ndipo zopalidwazo sizimeranso. Yachitatu ndi implant: amaboola fupa la nsagwada n'kulowetsamo kachitsulo ka titanium kangati sikuluwu, amadikira miyezi ingapo kuti fupa ligwirane nako, kenako amamangapo dzino. Njirayi anaiyambitsa dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, yemwe anaika koyamba mwa munthu mu 1965. Ndi yolimba ndithu ndipo sikhudza mano ena. Mtengo wake atandiuza ndinangoseka, chifukwa unali malipiro anga a miyezi ingapo, osadya, osalipira lendi, kuphatikizapo maulendo obwerezabwereza a ku tauni.

Mwa zitatuzi, mphunzitsi wa kumudzi ngati ine angakwanitse imodzi yokha. Ndinasankha lovula ndi kuvala.

Ndikuuzeni mmene limakhalira, poti ambiri amachita manyazi kunena. Sabata yoyamba malovu amachuluka ndipo lilime limasowa pokhala. Ndinkawerenga nyuzi mokweza m'nyumba madzulo mpaka mawu anabwerera m'malo mwake. Usiku ndimalivula, kulitsuka ndi mswachi, n'kuliika m'kapu ya madzi kuti nkhama zipume. Madzi otentha ayi, limapindika. Mwana wanga wamng'ono atalipeza koyamba m'kapumo anathawira kwa mayi ake akulira. Nsima, nyemba, utaka, zonsezi ndimadya bwinobwino. Koma mzimbe ndimachita kusenda ndi mpeni, chimanga chootcha ndimakonola ndi zala, ndipo mtedza wokazinga, womwe ndi ulemu wathu anthu a ku Mchinji, ndimatafunira kumbuyo. Dzino likachoka fupa la pamalopo limaphwa pang'onopang'ono, ndiye pakapita zaka loikiriralo limayamba kukhwepa ndipo limafunika kukonzedwa kapena kupanga lina. Langa layamba kale kugwedera ndikakuwa pa asembule.

La chibwano lija dokotala anati ndingolisiya. Sikuti mpata uliwonse uyenera kutsekedwa. Ngakhale bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limatenga mano 20 achilengedwe, akakhala okumana bwino, ngati okwanira kuti munthu adye ndi kuyankhula. Vuto limakhala pa mpata wa pakati pa mano ena. Oyandikana nawo amapendekera komweko, lomwe limalumana ndi lochokalo limatalika posowa logundana nalo, ndipo zakudya zimayamba kutsalira m'mipata yatsopano. Munthu wazula limodzi, pakapita zaka akuzula lachiwiri.

Zoti timangozula sindiimba nazo mlandu odwala okha kapena ogwira ntchito m'zipatala. Wodwala amafika dzino litaola mpaka mkati, pamene likanangomatidwa akanafika likadali ndi kabowo kakang'ono. Nawo ogwira ntchito ndi ochepa, ndipo ambiri m'maboma ndi aja amaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences, omwe amalandira mzere wautali m'mawa uliwonse. Madokotala a mano a digiri dziko lino layamba kuwaphunzitsa lokha mu 2019, ku College of Medicine yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Ndondomeko ya boma ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ndi nkhani yabwino, koma ine ndidzaikhulupirira tsiku lomwe mlimi wa ku Kapiri kapena ku Mkanda adzadindidwe m'kamwa pa boma pomwepa, osagulitsa matumba a soya kuti apeze thiransipoti ya ku Lilongwe.

Pakadali pano aphunzitsi anzanga a zamasewero ndawauza chinthu chimodzi chomwe dokotala uja anandiphunzitsa. Mwana akaguluka dzino lachikulu pa mpira, lonse ndi muzu womwe, musalitaye. Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Ngati lada litsukeni pang'ono osalikwecha, mulibwezere pamalo pake mwanayo alume kansalu koyera. Zikakanika liikeni mu mkaka, ndipo muthamange naye kuchipatala ola lisanathe, chifukwa likhoza kugwiranso. Izi n'za mano achikulu okha, a ubwana aja sabwezera. Mwezi wathawu tinaika kabotolo kotsekera bwino m'bokosi la mankhwala la timu yathu, ndipo mkaka timagula pagolosale ya pafupi ndi bwalo.