Kumene Phula Lithera

Pa zinthu zonse zimene zasanduka m'maso mwanga chiyambire ubwana, anzanga a msinkhu wanga akadatchula kaye ndalama, popeza tinabadwira pa mapaundi ndi masheleni tisanaione kwacha mu 1971, kapena akadatchula lamya za m'manja zimene zafika ndi kwa agogo omwe. Koma ine ndifuna kunena za kanthu kena kamene ambiri sakalabadira, ndiko m'mene munthu wa thumba lochepa amakonzera galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, kuti ikamufikitse kumene msewu uthera, ndi kumubweza kwawo ali wamoyo.

Luso limeneli ndinayamba kulionera kwa atsibweni anga, amene atapuma pa ntchito yoyendetsa galimoto za boma anagula pa msika wokweza mitengo Land Rover yaitali ija ya 109, imene boma linali litaitaya kuti yatha ntchito. Galimoto za mtundu uwu zinayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, ndipo popeza chitsulo chinali chosowa nkhondo yaikulu itangotha, thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri. Kotero kuti munthu wosadziwa akaona thupi lili gwa, ankayesa kuti zonse zili bwino, pomwe chimango cha pansi, chimene chinali cha chitsulo, chikhoza kukhala chitadyeka kale. N'chifukwa chake atsibweni, asanaganize za utoto kapena mipando, anayamba ndi kugona chagada pansi pake ndi hamala m'manja, nagogoda chimangocho kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo, akumvetsera pamene pankalira mopepera. Ndipo ndalama zoyamba zonse zinathera kwa wowotcherera wa ku Ndirande, pa zigamba zimene palibe mlendo akadaziona.

Masiku amenewo kukonza galimoto ya ulendo wa m'thengo sikunali kugula zinthu ayi, pakuti zogulazo kunalibe. Kunali kuifunsa galimoto kuti idzafookera pati, ndi kuiyankhiratu. Masipuling'i ake anali a zitsulo zosanjikizana, ndipo pofuna kuti isenze katundu osagwada, ankawonjezerapo chitsulo chimodzi chochotsa ku lole yakufa. Kaliyala wa pamwamba anawotcherera ndi mapaipi a madzi. Tayala lapadera linkakhala pa boneti, lina kumbuyo, pamodzi ndi machubu awiri, zomatira ndi pampu yopopa ndi phazi. Ndipo chubu chikatha ntchito sichinkatayidwa, koma chinkadulidwa malegeni, amene anamanga zinthu zambiri m'dziko muno kuposa mabawuti onse a m'sitolo. Madalaivala onse ankadziwa kuti shafiti ya tayala la kumbuyo ndiyo imayamba kuthyoka galimoto ikalimbana ndi mtunda ili yolemedwa, ndipo wanzeru ankayenda ndi ina atakulunga m'chiguduli. Akasowa, ankachotsa yothyokayo, nakanikiza kachitsulo ka mutu wachikasu kaja kuti matayala akutsogolo akoke, nabwerera kwawo pang'onopang'ono. Kachitsulo ka mutu wofiira kanali ka giya yamphamvu ya pa mtunda ndi m'matope, ndipo ife ana sitinkaloledwa ngakhale kukakhudza. Zotsalazo zinali fosholo, khasu, chikwanje, chingwe, waya, sopo wotsekera thanki ikabooka, ndi zigubu za malita 20 za petulo ndi madzi.

Koma m'bokosi la zipangizo munkakhalanso mchere, shuga ndi machesi, ndipo atsibweni ankaziwerengera izi pamodzi ndi masipanala. Pakuti galimoto ikatitimira pa dambo mvula itagwa, amene ankaitulutsa anali amuna a m'mudzi wapafupi, atabwera ndi makasu ndi mitengo, akuimba pokankha, ndipo sikunali koyenera kuti mlendo achoke osasiya kanthu, makamaka podziwa kuti pobwerera adzadutsanso pomwepo. Akale anati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Tisanayambe kukumba tinkayamba tapereka moni kwa anyakwawa, ndi kufunsa ngati mlatho wa kutsogolo udakalipo, ndipo mapu athu enieni anali amenewo.

Njira zimene zinkayesa galimoto ndi mwini wake zinali za kumpoto. Wofuna kukwera ku Nyika, imene inakhala malo otetezera nyama mu 1965 nakuzidwa mu 1978, ankadziwa kuti mafuta odalirika omaliza ali pa Rumphi, ndi kuti kuchokera pa chipata cha Thazima kukafika ku Chelinda ndi ulendo wa maola, wokwera kumalo kumene m'mwezi wa June madzi amatha kuuma ndi chisanu usiku; motero bulangeti linali chipangizo cha galimoto monga jeke. Koma msewu umene sindidzaleka kuuopa ndi wa Gorodi, wochoka pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja kukwera ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsirako mishoni ya Livingstonia mu 1894. Msewuwo uli ndi makona makumi awiri opindika zedi, ndipo popeza Land Rover yaitali simakhota mwachidule, pa makona ena inkayenera kubwerera m'mbuyo kamodzi kapena kawiri, phompho lili yasa kumbuyo kwake; ndipo ntchito ya mnyamata inali kutsika, kunyamula mwala, ndi kuuika kuseri kwa tayala pa nthawi yeniyeni imene dalaivala wafuula. Mabuleki a galimoto yakale ankathandizidwa motero.

Kusintha kunadza ndi Toyota, ndipo kunadza mosalengeza. Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba mu 1984, makamaka italandira mu 1990 injini ya dizilo ya 1HZ, ya masilinda asanu ndi limodzi ndi malita 4.2, inalanda ntchito za zipatala, za mishoni ndi za mabungwe, chifukwa inkayenda miyezi osaona sipanala. Ndipo pamene Land Rover yotsiriza ya maonekedwe akale aja inatuluka m'fakitale ya ku Solihull mu January 2016, kuno mpikisano wake ndi Toyota unali utatha kalekale. Koma chimene chinafikitsa galimoto yotere m'manja mwa mphunzitsi ndi kalaliki sichinali chimenechi ayi, koma magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, amene chitatha chaka cha 1994 anayamba kusefukira kudzera pa madoko a Durban ndi Dar es Salaam, nalowa pa Mwanza ndi pa Songwe: Hilux Surf, Prado, Pajero, zonse zonyezimira, za mawindo otsika okha. Inenso yanga ndinaipeza mwa njira yomweyi.

Galimoto zimenezi zinakulira pa misewu yosalala, ndipo ntchito yoyamba pa izo ndi kuchotsa: zopondera za m'mbali zimene zimakodwa pa miyala, mipando ya kumbuyo kwenikweni, ndi matayala ofewa a m'tauni. Ikatha imeneyo, ndalama zipite ku lamba wa injini amene palibe adziwa zaka zake, ndi ku ladiyeta pamodzi ndi mapaipi ake, pakuti injini ya dizilo ya turbo ikawira pa mtunda wautali ngati wa Chiweta imatha kung'ambika mutu, ndipo mtengo wa mutuwo ukadagula maladiyeta angapo. Pambuyo pake matayala olimba m'mbali, a muyeso umene ungapezeke pa Mzuzu kapena pa Karonga, osati wodziwika ku Johannesburg kokha, kenaka mashoko. Munthu akafika apa thumba limakhala litapepuka, ndipo ine ndinena kuti galimotoyo yakonzeka.

Achinyamata a lero sagwirizana nane, popeza maso awo aona magalimoto a alendo ochokera ku South Africa, ovala chitsulo chachikulu kumphumi, winchi, mpope wopumira pamwamba pa denga, hema wa padenga, filiji, ndi nyali zochuluka. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo nthawi iliyonse kwacha ikagwa, monga inagwera mu May 2012 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake umathawa. Komabe ndaona anthu akuyamba ndi izi matayala ali osalala, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galimoto yosenza hema, zigubu ndi tayala padenga imafanana ndi chingalawa cha Nowa, ndipo pa msewu wopendekeka imafuna kugona cham'mbali, chifukwa kulemera kwakwera pamwamba. Cholemera chiyenera kukhala pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Winchi nayo ifuna mtengo womangirirapo, ndipo amene anafika pamwamba pa Nyika adziwa kuti kumeneko ndi udzu wokhawokha kufikira kumene maso athera. Za mpope uja ndivomereza theka: umathandiza injini kupuma mpweya wopanda fumbi lambiri m'chilimwe, koma umanyenganso mwini wake kulowa mumtsinje umene ukadamubweza, ndipo madzi amene sanalowe mu injini amakalowa m'mawaya.

Sindinena izi monga nkhalamba yodana ndi zatsopano, pakuti zina mwa izo ndikadakonda atsibweni akadaziona. Kapampu kamagetsi kolumikiza ku batire kamalola munthu kuphwetsa matayala pang'ono pa mchenga wa kunyanja, kuti aponde motambalala, ndi kuwapopanso osatuluka thukuta. Tayala lopanda chubu limamatidwa lili pa galimoto pomwepo. Sola yaing'ono ndi batire lachiwiri zimasunga nyali ndi foni usiku wonse osafoola batire lolizira injini. Ndipo amisiri a ku Biwi mu Lilongwe, ukawaonetsa chithunzi cha pa foni, amakuwotcherera kaliyala kapena chitsulo chotchinjiriza pansi pa injini pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi chochokera kunja. M'menemo mzimu wa ku Ndirande uja sunafe.

Chimene chasintha kwenikweni chili m'kati mwa boneti. Injini yakale munthu ankaimva ndi khutu, naichiza ndi sipanala pansi pa mtengo. Ya lero imalamulidwa ndi kompyuta, imapopa dizilo ndi mphamvu yoopsa kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kadontho ka madzi kapena kafumbi kamaigwetsa. Izi tinaziphunzira m'zaka za 2011 ndi 2012, pamene mafuta anasowa ndipo ambiri tinkagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Kuyambira pamenepo sefa yachiwiri ya mafuta, yolekanitsa madzi, ndimaiyesa yoposa winchi. Makaniko wina wachinyamata, amene amayamba walumikiza kachipangizo kake ku galimoto asanatsegule n'komwe boneti, anandiuza mwaulemu kuti, "Bambo, iyi ikazima kuthengo musavutike n'kuigwira, mungokwera pachulu, mufune netiweki, mundiimbire." Ananena zoona, ndipo galimoto za lerozi sizizima kawirikawiri monga zathu zakale, koma ku Misuku mvula ili pakati, kapena m'zigwa za kuseri kwa Nyika, chulu cha netiweki chikhoza kukhala kutali ulendo wa tsiku.

Thengo nalo labwerera m'mbuyo. Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, umene kale unkadya tsiku lathunthu ndi masipuling'i omwe, unathiridwa phula, ndipo lero timagalimoto tating'ono timathamangamo. Amene afuna matope ayenera kuchita kuwafunafuna, chinthu chimene atsibweni akadachiyesa misala. Komabe pamene bungwe kapena chipatala chigulitsa Land Cruiser yakale ya 1HZ, yotha utoto, yong'ambika mipando, imene inanyamula odwala zaka zambirimbiri, anthu amalimbirana kukweza mtengo kufikira upose wa galimoto yonyezimira yongotsika kumene pa doko. Ndipo okwezawo si nkhalamba ngati ine, koma anyamata omwe aja a mafoni, amene asanapereke ndalama amayamba agwada n'kusuzumira pansi pake, kuona ngati chimango chili chamoyo.