Mbalame ya m'gumbwa ndi paipi ya mafuta

Mwezi wa Julaye chaka chatha ndidapita ku Uganda pa ulendo wa ntchito. Nditamaliza zomwe ndidapitira, ndidati ndisabwerere kumudzi ndisadaone nkhalango ya Murchison Falls, yomwe ndi yaikulu kuposa malo onse osungirako nyama m'dzikomo ndipo idakhazikitsidwa mu 1952.

Kuchokera m'tauni ya Masindi, msewu umadutsa m'nkhalango ya Budongo, momwe muli mibawa italiitali ndi mbalame za mitundu yoposa 300. Msewuwo ndi watara, wotakata bwino. Pa Paraa, pomwe kale anthu ankaoloka mtsinje wa Nile pa pantoni, tsopano pali mlatho. Dalaivala wathu adati zonsezi zidabwera ndi mafuta omwe adapezeka m'dera la nyanja ya Albert mu 2006.

M'mawa mwake tidakwera bwato kulowera komwe Nile amathira m'nyanjayo. Patapita maola awiri, woyendetsa bwato adazimitsa injini n'kuloza m'gumbwa. "Bambo, musayankhule," adatero monong'ona. Apo padaima mbalame yotuwa yotchedwa shoebill, msinkhu ngati mwana wa sitandade 1, mlomo ngati nsapato. Idangoti njo, osagwedezeka, kudikira nsomba. Mbalamezi zatsala masauzande ochepa padziko lonse, ndipo kawirikawiri zimalera mwana mmodzi yekha pa chisa. Zimafuna dambo la zii.

Koma m'nkhalango yomweyi akukumbamo zitsime za mafuta, ndipo paipi ina yodutsa pansi pa Nile ndiyo yotengera mafutawo kunja kwa nkhalango. Kuchokera ku Hoima, paipi yaikulu ya makilomita 1,443 ikulowera ku doko la Tanga ku Tanzania. Mafuta ake ndi olimba ngati phula, choncho ayenera kutenthetsedwa kufika madigiri 50 njira yonse. Makampani a TotalEnergies ndi CNOOC, pamodzi ndi maboma awiriwa, akuti paipiyo njokwiriridwa ndipo malowo adzawabwezeretsa.

Ine chidandivuta n'chakuti paipi imakwiriridwa, koma njira yake ya mamita 30 m'lifupi siikwiririka. Pamwamba pa paipi salola mitengo ikuluikulu kumeranso. Ndipo pomwe patseguka njira, macheka ndi ootcha makala sachedwa kufika.

Sindikunyoza anthu a ku Uganda. Ndidaona anyamata omwe apeza ntchito, ndipo msewu wabwinowo ndidayendapo ndekha mokondwa. Komabe mafutawo adzatha pakapita zaka makumi angapo, pomwe mbawa imodzi ya ku Budongo yaona mibadwo ingapo. Boma likati malo ndi otetezedwa, mawuwo azigwirabe ntchito ngakhale tsiku lomwe pansi pake papezeka chuma. Paipi itha kukhotetsedwa kuti ilambalale dambo, koma dambo silingasamutsidwe.

Nafenso kuno nkhani yofufuza mafuta pa nyanja ya Malawi idamvekapo. Ikadzabukanso, tidzafunse msanga kuti mapaipi adzadutsa pati, mathirakitala asadafike. Paja madzi akatayika saoleka.