Jeke wa Agogo

Ngati unakulira m'komboni udziwa kuti pakhomo paliponse pali citsulo cina cimene palibe acigwiritsa nchito, koma palibenso afuna kucitaya. Kwathu ku Kanyama citsuloco cinali jeke wa agogo aamuna, uja wa mawilo ndi cogwirira cacitali. Agogo anali makanika ku UBZ. Kampaniyo itatsekedwa mu 1995 anayamba kukonza magalimoto patsinde pa mango, ndipo jekeyu ndiye analera amai ndi abale ao. Agogo atamwalira, jeke anagona kuseri kwa nyumba, madzi a dzinja ndi kumamumiza caka ndi caka. A ku Kanyama mudziwa madzi amene ndinena.

Amalume anafuna kumugulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Ndinawapempha kuti andipatse mwezi umodzi. M'gulu lathu la acinyamata muli mbale wina womata matayala m'mbali mwa mseu wa Los Angeles. Jeke analibe. Tsiku limene wobwereka wasowa, anali kubweza makasitomala, ndipo usiku umenewo kwao kunalibe ndiwo.

Poyamba sitinadziwe ngakhale mtundu wake, pakuti kacitsulo kolembapo dzina kanagwa kalekale. Tinamutsuka ndi parafini, ndi kupala dzimbiri ndi burashi ya waya kufikira m'mbali munaoneka malemba akuti 2 TON. Dzina la amene anamupanga silinapezeke.

Tsono ine, mwana wa ku koleji, ndinaona ngati nthawi yanga yakwana. Ndinawafotokozera anzanga za Blaise Pascal wa ku France, amene anabadwa mu 1623, ndi za Richard Dudgeon amene anapanga jeke wa mafuta wonyamulika ku New York mu 1851. Ndinati ukapanikiza mafuta otsekeredwa, mphamvu ifika ponseponse mofanana. Ngati nkhope ya pisitoni yaikulu iposa ya yaing'ono kakhumi, mphamvu ya dzanja lako icuruka kakhumi, kungoti upopa kambiri. Zonsezi n'zoona. Kenaka ndinathiramo brake fluid.

Masiku oyamba anakweza bwino. Patapita masabata awiri tinakweza minibasi ya mpingo, ndipo inayamba kutsika yokha mwakacetecete mbale uja atalowetsa mutu pansi kuona pamene padontha. Ndinamukoka miyendo. Sindinagone usiku umenewo.

Mmawa ndinapita kwa mkulu wina wa mpingo amene anagwira nchito pamodzi ndi agogo. Ananunkhiza cala nati, "Mwana wanga, wamupatsa poizoni." Brake fluid itupitsa ndi kufewetsa marabara a m'kati. Jeke afuna mafuta ake a hydraulic. Anatsegula valavu natulutsa timipira tiwiri tacitsulo. Kamodzi kalola mafuta kucoka m'nkhokwe kulowa m'pampu, kena kawaletsa kubwerera akalowa kuseri kwa pisitoni yaikulu. Kacinyalala kocepa ngati njere ya mawere kakakhala pamene kampirako kakhazikika, galimoto itsika.

Popeza dzina panalibe, tinanyamula marabara akale m'kapepala kunka nao m'masitolo a masipeya m'tauni, kuyeza limodzilimodzi. Tinawapeza m'sitolo yacinayi. Titathira mafuta atsopano, akulu aja anandiuza kumasula valavu yotsitsira, kupopa kangapo kuti mpweya utuluke, ndi kutsekanso. Mpweya upanikizika, mafuta ai. Ndiye jeke wa mpweya m'mimba angopopeka osakweza. Anaika minibasi pa jeke, nalemba mzere ndi coko pakhoma, natiuza kukamwa tiyi. Pobwera, bampala inali pa mzere pomwe.

Anakana ndalama. Anangofuna kuti tonse awiri tilonjeze pamaso pao kuti sitidzalowanso pansi pa galimoto yokhala pa jeke yekha, yopanda masitandi. Masitandi tinaotcetsa kwa wowocerera wa pamsika ndi copereka ca gulu.

Loweruka ndinadutsa pa mseu uja. Amalume anali pomwepo, tayala lao lili m'manja mwa mbale wathu, akuuza oimirira kuti jekeyo anali wa atate ao.